Mafunso a Owerenga: Ngongole, Mbuzi ndi Nankafumbwe Zikayamba Kuswana

Makalata a mwezi uno achokera ku Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Moatize. Wina akulira ndi ngongole, wina akuwerengera mbuzi, wina mayeso amuyandikira, koma onse apunthwa pa chitsa chimodzi: zinthu zomwe zimakula mochita kuswana, chobadwacho n'kuyambanso kubala. Aphunzitsi a masamu ndi alangizi a zaulimi amene amayankha m'gawo lino awaika pamodzi dala. Chonde dziwani kuti pano tikulemba 1.2 ndi kadontho komanso 5,000 ndi chizindikiro cha koma (,), pamene mabuku a Chipwitikizi a kusukulu amalemba 1,2 ndi 5.000. Onani kalembedwe ka kalikuleta yanu musanadine, chifukwa ambiri amalakwira pomwepo.

FUNSO: Mu Novembala ndinakongola 5,000 metikali kwa munthu wina wokongoza ndalama kuti ndigule feteleza. Tinamvana za 20 peresenti pamwezi. Sindinathe kubweza kalikonse mpaka Meyi, miyezi isanu ndi umodzi. Ine ndikuwerenga kuti chiwongola dzanja ndi 1,000 pamwezi, ndiye ndibweze 11,000. Iye akuti 14,930. Kodi akundibera? — Mayi wa ku Dómuè

YANKHO: Mayi, palibe amene walakwitsa kuwerenga. Vuto ndi loti inu mwawerenga ngongole ya mtundu wina, iye wawerenga ya mtundu winanso.

Inu mwatenga 20 peresenti ya 5,000, yomwe ndi 1,000, n'kumaiphatikiza mwezi ndi mwezi: 6,000, 7,000, 8,000, mpaka 11,000. Kubanki amati juros simples. Chiwongola dzanja chimachokera pa ndalama yomwe munalandira m'manja basi.

Wokongozayo wachita zina. Mwezi woyamba ukatha ngongole yafika 6,000, ndipo apa mukufanana. Mwezi wachiwiri iye sakuyang'ananso 5,000 ija. Akutenga 20 peresenti ya 6,000, yomwe ndi 1,200, ngongole n'kufika 7,200. Mwezi wachitatu 8,640, wachinayi 10,368, wachisanu 12,442, wachisanu ndi chimodzi 14,930. Apa chiwongola dzanja chimene simunapereke chasanduka ngongole, nachonso chayamba kubala. Awa ndiye juros compostos, ndipo katapila amapweteka anthu ndi njira imeneyi.

Mukafuna kudziwa mtundu wa ngongole yomwe yalembedwa m'kope, tengani nambala ya mwezi uliwonse muigawe ndi ya mwezi wapitawo. 7,200 kugawa ndi 6,000 ikupatsani 1.2. 8,640 kugawa ndi 7,200 ikupatsaninso 1.2. Yankho likamabwera lomwelo nthawi zonse, ngongoleyo ikuchulukitsidwa, osati kuphatikizidwa. Nambala ya 1.2 imeneyi ikuimira zinthu ziwiri: 1 ndi ngongole yonse yomwe inalipo kale, 0.2 ndi 20 peresenti yowonjezera.

Kusiyana kwa njira ziwirizi kumayamba mobisika. Mwezi wachiwiri n'kwa 200 yokha, munthu sangadandaule. Pakutha miyezi isanu ndi umodzi kwafika 3,930. Mukanakhala chaka chathunthu, njira yanu ikanapereka 17,000, ya wokongozayo 44,580.

Tsono wolondola ndani? Zatengera zomwe munapangana tsiku lija. Mawu oti "20 peresenti pamwezi" paokha sanena ngati chiwongola dzanja chosaperekedwa chizilowa mu ngongole. Ngati panalembedwa kapepala, kawerengeni. Ngati panali mboni, zifunseni zomwe zinamva. Ngati nkhani ya kuswana kwa chiwongola dzanja sinatchulidwe konse, muli ndi pogwira, ndipo mukhoza kupempha kuti mukambirane pamaso pa amfumu kapena akuluakulu amene nonse mumawalemekeza. Musabisale m'nyumba chifukwa cha manyazi, Mayi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo mwezi uliwonse umene mukuchedwa, pa kawerengedwe ka iyeyo, ukuwonjezera ndalama pafupifupi 3,000 tsopano, osatinso 1,000.

Kwa ena amene ali ndi ngongole yotereyi, nazi zomwe kubweza pang'onopang'ono kumachita pa 5,000 yomweyo ya 20 peresenti. Wopereka 1,000 mwezi uliwonse amangoletsa ngongole kukula, imakhalabe 5,000. Wopereka 1,500 amaitsitsa chonchi: 4,500, 3,900, 3,180, 2,316, 1,279, ndipo mwezi wachisanu ndi chimodzi amamaliza ndi 1,535. Zonse pamodzi wapereka 9,035. Koma wopereka 800 pamwezi, yomwe ndi yochepera chiwongola dzanja, akatha miyezi isanu ndi umodzi amakhala atatulutsa 4,800 ndipo ngongole ili pa 6,986. Ameneyu ndi amene amatimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa amaona ngati akuyesetsa, pamene dzenje likukulirakulira.

Ngakhale m'magulu a poupança momwe amakongozana pa 10 peresenti pamwezi, funsani malamulo a gulu pa nkhani yochedwa kubweza. Ngati chiwongola dzanja chimalowa mu ngongole, 5,000 imafika 8,858 pa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pa chaka imapitirira katatu.

FUNSO: Ndili kalasi 12. Pa progressão geométrica, mndandanda wa manambala wochulukitsa, timaloweza aₙ = a₁ × qⁿ⁻¹, koma sindimvetsa chifukwa chake pali n − 1 m'malo mwa n. Pamayeso ndimasokoneza ndi fomula ya kuphatikiza. Ndithandizeni. — Wophunzira wa ku Ulónguè

YANKHO: Mwana wathu, pita pa mpanda wa dimba ukawerenge mizati. Ukapeza mizati isanu ndi itatu yondandalikana, mipata ya pakati pake ndi isanu ndi iwiri. Manambala a mu mndandanda ndiye mizati, kuchulukitsa ndi q, nambala yomwe timachulukitsa nayo nthawi iliyonse, ndiye kudumpha mpata. Nambala yoyamba waipeza ili kale, sunadumphe kanthu. Kuti ufike pa yachiwiri wadumpha kamodzi, pa yachitatu kawiri, pa ya n wadumpha n − 1.

Tenga nambala yoyamba a₁ = 3 ndi q = 2. Mndandanda ndi 3, 6, 12, 24, 48, 96, 192, 384. Nambala yachisanu ndi chitatu ndi 3 × 2⁷ = 3 × 128 = 384. Ukalemba 2⁸ upeza 768, yomwe ndi nambala yachisanu ndi chinayi.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi mafunso a ndalama ndi a chiwerengero cha anthu. Funso likati "pakatha zaka 5", likukuuza mipata, osati mizati. Ndiye uchulukitsa ndi q kasanu, q⁵, popanda kuchotsera 1. Likati "nambala yachisanu ya mndandanda", likukuuza mzati, ndiye q⁴. Usanalembe fomula, dzifunse kuti ndichulukitsa kangati.

Fomula ya kuphatikiza usailoweze ngati nyimbo, itulutse wekha. Lemba S = 3 + 6 + 12 + ... + 384. Pansi pake lemba mzere womwewo utauchulukitsa ndi q, apa ndi 2: 2S = 6 + 12 + ... + 384 + 768. Ukachotsera mzere wapamwamba pa wapansi, manambala onse apakati amafafanizana, n'kutsala 768 − 3 = 765. Ukachita zomwezi ndi zilembo upeza Sₙ = a₁ × (qⁿ − 1) ÷ (q − 1). Apa pali qⁿ chifukwa 768 ija ndi mzati umodzi kupitirira womaliza. Fomulayi siigwira q akakhala 1, poti sitigawa ndi 0, koma pamenepo manambala onse ndi ofanana, ungochulukitsa a₁ ndi n.

Usanagwiritse fomula iliyonse, tsimikiza mtundu wa mndandanda. 4, 7, 10, 13 ndi wophatikiza, progressão aritmética, chifukwa kuchotsera kukupereka 3 paliponse. 4, 6, 9, 13.5 ndi wochulukitsa, chifukwa kugawa kukupereka 1.5 paliponse. Nanga 4, 6, 9, 13? Magawo awiri oyamba akupereka 1.5, koma 13 kugawa ndi 9 ndi 1.44. Umenewu si wochulukitsa, ndipo olemba mayeso amakonda msampha wotere chifukwa amadziwa kuti ophunzira ambiri amayesa manambala awiri oyamba n'kuthamanga.

Zolakwika zina zimachokera pa peresenti. Kukwera ndi 5 peresenti ndi q = 1.05. Si 1.5, yomwe ndi 50 peresenti, komanso si 0.05, yomwe ingachepetse chinthucho mpaka kutsala pang'ono kutha. Kutsika ndi 5 peresenti ndi q = 0.95. Pa kalikuleta, yamba wapeza 2⁷ kenako uchulukitse ndi 3. Ukayamba ndi 3 × 2 n'kukweza 6 kasanu ndi kawiri upeza 279,936 m'malo mwa 384. Mafoni ambiri amaonetsa batani la xʸ ukawagoneka cham'mbali. Makalikuleta a pamsika alibe batanili, koma ambiri amabwereza kuchulukitsa ukamadina = mobwereza. Yesa 2 × 1 = = =. Ikaonetsa 2, 4, 8, ndiye kuti imasunga nambala yoyamba, ndipo ukhoza kulemba 1.2 × 5000 n'kumadina = mwezi uliwonse. Ina imafuna udine × kawiri, ina imasunga nambala yachiwiri, choncho iyese yako tsiku la mayeso lisanafike.

FUNSO: Ndili mu komiti ya makolo pasukulu ya pulayimale. Tili ndi ana 600 ndi zipinda 10. Tikufuna kuumba njerwa, koma tikukangana kuti timange zipinda zingati zoti zikwanire zaka khumi zikubwerazi. Ena akuti anthu a m'chigawo chathu akuchuluka ndi 5 peresenti pachaka. Tiwerengere bwanji? — Bambo wa ku Furancungo

YANKHO: Bambo, tiyambe ndi 5 peresenti imeneyo, chifukwa tikuona komwe yachokera. Kalembera wa dziko, yemwe amayendetsedwa ndi Instituto Nacional de Estatística, anapeza anthu pafupifupi 1,780,000 m'chigawo cha Tete mu 2007, ndi pafupifupi 2,650,000 mu 2017. Kugawa 2,650,000 ndi 1,780,000 kukupereka 1.49, kutanthauza kuti anthu anawonjezereka ndi 49 peresenti pa zaka khumi. Munthu akagawa 49 ndi 10 amapeza 4.9, n'kumati pafupifupi 5 peresenti pachaka.

Kugawa kumeneku n'kolakwika, chifukwa kukuchita ngati chaka chilichonse kumabwera chiwerengero chofanana cha anthu. Koma obadwa nawonso amakula n'kubereka, ndipo peresenti ya chaka chilichonse imatengedwa pa gulu lomwe lakula kale. Chimene tikufuna ndi nambala yoti ikadzichulukitsa yokha kakhumi ipereke 1.49. Mukhoza kuipeza mongoyesa. 1.05 kakhumi ikupereka 1.63, yapitirira. 1.03 kakhumi ikupereka 1.34, yaperewera. 1.04 kakhumi ikupereka 1.48, yagwera pafupi kwambiri. Choncho chigawo chathu chinakula ndi pafupifupi 4 peresenti pachaka. Mukanagwiritsa 4.9 kuyambira 2007, mukanafika pa anthu pafupifupi 2,870,000 mu 2017, kupitirira omwe anawerengedwadi ndi oposa 200,000. Peresenti imodzi si yochepa ikapatsidwa zaka.

Pali kachidule kothandiza pamsonkhano pomwe palibe kalikuleta. Gawani 70 ndi peresenti ya kukula, mupeza nthawi yomwe chinthu chimatenga kuti chiwirikize kawiri. Pa 4 peresenti ndi zaka 17 ndi theka, pa 3 peresenti zaka 23, pa 2 peresenti zaka 35. Kachiduleka kamagwira bwino peresenti ikakhala yosapitirira 10. Pa ngongole ya 20 peresenti ya Mayi a ku Dómuè kakupereka miyezi itatu ndi theka, pamene zoona zake ndi pafupifupi miyezi inayi.

Tsono tibwere kusukulu kwanu. Ana 600 akamachuluka ndi 4 peresenti, pakatha zaka zisanu adzakhala 730, pakatha khumi 888. Mukasunga ana 60 pa chipinda monga zilili lero, mudzafunika zipinda 12 kapena 13 pa zaka zisanu, ndi 15 pa zaka khumi.

Komabe musathamangire kuumba njerwa za zipinda zisanu chifukwa cha nambala ya chigawo chonse. 4 peresenti ija yasakaniza mzinda wa Tete, Moatize komwe migodi ya malasha inakoka anthu ochokera kutali m'zaka zimenezo, ndi midzi ya kumapiri komwe anthu amachuluka makamaka pobadwa. Sukulu yanu ili ndi q wakewake, ndipo ali m'mabuku a aphunzitsi aakulu. Pemphani chiwerengero cha ana olembetsa m'zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zapitazi. Gawani cha chaka chilichonse ndi cha chaka chapambuyo pake. Mukapeza manambala oyandikana monga 1.03, 1.04, 1.03, 1.05, kawerengedwe kathuka kakuyenerani, tengani wapakati. Mukapeza 1.01, 1.20, 0.97, funsani chomwe chinachitika m'zaka zimenezo. Mwina panatsegulidwa sukulu ina pafupi, mwina kunabwera mabanja atsopano, mwina chinali chaka cha njala ana n'kusiya sukulu. Manambala odumphadumpha otere musawakakamize kulowa mu fomula.

Uphungu wathu ndi woti mumange zipinda zitatu tsopano, musiye malo a ziwiri zina pa mzere womwewo, ndipo mudzawerengenso pakatha zaka zitatu. Kuwerengera zaka zisanu kutsogolo n'kodalirika kuposa khumi, chifukwa cholakwika chaching'ono cha mu q nachonso chimachulukitsidwa chaka ndi chaka.

FUNSO: Mnzanga wanditumizira uthenga pa WhatsApp woti ndilowe gulu lina. Ndipereke 500 metikali, ndipeze anthu atatu, iwonso apeze atatu atatu, kenako ndizilandira. Akuti aliyense amapindula. — Mnyamata wa ku Zóbuè

YANKHO: Achimwene, musapereke. Werengani nafe mizere ya anthu: 1, 3, 9, 27, 81, 243, 729. Mzere wakhumi uli ndi anthu 19,683. Mzere wa 14 uli ndi 1,594,323, ndipo onse olowa kuyambira pamwamba mpaka pamenepo ndi 2,391,484, kutsala pang'ono kukwana anthu onse a m'chigawo cha Tete a mu kalembera wa 2017, kuphatikizapo makanda ndi agogo. Kuti a mzere wa 14 alandire, pakufunika anthu ena 4,782,969.

Gulu lotere siligulitsa kanthu, sililima kanthu. Ndalama yolandira wapamwamba ndi yomwe wapereka wapansi. Ndipo pa mzere uliwonse pomwe lingaimire, anthu awiri mwa atatu alionse amakhala pa mzere wotsiriza, womwe wapereka koma sunalandire. Yesani ndi mizere inayi yokha: onse ndi 40, otsiriza ndi 27. Anthu atatu amene mungawakope ndi abale anu ndi anzanu a pamsika, ndipo ndi amene adzakufunseni ndalama zawo.

FUNSO: Ndili ndi mbuzi zazikazi 10 ndi tonde mmodzi. Mlamu wanga akuti mbuzi zimawirikiza kawiri chaka chilichonse, ndiye pakatha zaka zisanu ndidzakhala ndi 320. Ndikufuna kudziwa zoona ndisanamange khola lalikulu. — Mlimi wa ku Chifunde

YANKHO: Bambo, alamu anu achulukitsa 10 ndi 2 kasanu, ndipo 320 ndi yankho lolondola la masamu amenewo. Chomwe chalakwika ndi 2.

Powerengera kukula kwa khola, werengani zazikazi zokha, chifukwa ndizo zimabala. Bere la mbuzi limatenga miyezi isanu, ndipo ina imaswa mapasa, ina mmodzi. Tiyerekeze kuti zazikazi zanu 10 zaswa ana 15 pa chaka. Atatu afa asanaleke kuyamwa, atsala 12. Mwa amenewa pafupifupi theka ndi amuna, choncho aakazi ndi 6. Mwa zikuluzikulu, imodzi yafa kapena yakalamba. Chaka chikutha muli ndi zazikazi 15, ndiye q ndi 1.5. Pa zaka zisanu zikuyenda chonchi: 15, 22, 33, 50, 75. Ichi n'chaka chabwino chobwerezedwa kasanu, ndipo ngakhale pamenepo tawerengera mowolowa manja, poti kamsoti kobadwa chaka chino kamatenga chaka kapena kupitirira kuti nakonso kaswe.

Tsono tiyerekeze khola lonyowa, la njoka za m'mimba ndi nkhupakupa, momwe ana 6 mwa 15 amafa ndipo zikuluzikulu zimatayika ziwiri pachaka. Apa q amatsika kufika 1.25, ndipo pa zaka zisanu mudzakhala ndi zazikazi 30. Kusiyana kwa 75 ndi 30 kwachokera pa ana atatu ndi mbuzi imodzi m'chaka choyamba. N'chifukwa chake ndalama yanu yoyamba ipite pa khola la m'mwamba lokhala ndi mipata pansi yoti ndowe zizigwa, denga losadontha, ndi mankhwala a njoka kumayambiriro ndi kumapeto kwa dzinja, osati pa kukula kwa khola.

Mukafuna ndalama ya sukulu kapena ya maliro, gulitsani mbuzi zazimuna. Tonde mmodzi amakwanira zazikazi 20 kapena 25, ndipo muzimusinthanitsa ndi wa khola lina asanayambe kukwera ana ake. Kamsoti kamodzi kogulitsidwa lero, pa q wa 1.5, ndi mbuzi zisanu ndi ziwiri zomwe simudzaziona pakatha zaka zisanu.

Chomaliza, msipu suswana monga mbuzi. Udzu wa m'dera lanu mu Okutobala ndi womwewo, kaya muli ndi mbuzi 10 kaya 70. Zikachuluka kuposa chakudya zimaonda, mapasa amachepa, ana amafa, q n'kutsika yekha mpaka kuyandikira 1. Manambala tapereka apawa ndi oyerekeza. Gulani kope, muzilemba zobadwa, zakufa ndi zogulitsidwa, ndipo pakatha zaka ziwiri mudzakhala ndi q wa khola lanu.

FUNSO: Njinga yamoto ndinaigula 80,000 metikali. Akuti mtengo wake umatsika ndi 20 peresenti pachaka. Ndiye pakatha zaka zisanu idzakhala yopanda mtengo? — Woyendetsa kabaza wa ku Calómuè

YANKHO: Ayi, Achimwene. 20 peresenti imachotsedwa pa mtengo wotsala, choncho q ndi 0.8: 64,000, 51,200, 40,960, 32,768, 26,214. Chaka choyamba mwataya 16,000, chachisanu 6,554 yokha. Muzipatula padera ndalama yolingana ndi kutsikaku, makamaka m'zaka ziwiri zoyamba, kuti mudzathe kugula ina.

FUNSO: Chimanga changa ndinathira m'matumba mu Juni chili choyera bwino. Mu Ogasiti ndinaona tiankafumbwe towerengeka. Pofika Novembala matumba anali ufa wokhawokha. Chaka chilichonse ndi chonchi. Kodi amachokera kuti ochuluka chonchi mwadzidzidzi? — Mayi wa ku Tsangano

YANKHO: Mayi, sachokera kutali, ndipo sabwera mwadzidzidzi. Ambiri amalowa m'thumba limodzi ndi chimanga kuchokera kumunda, kapena amakhala akudikira m'matumba akale ndi m'ming'alu ya nkhokwe. Nankafumbwe wamkazi amaboola njere, n'kuikira dzira mkati, n'kumata. Mphutsi imadyera mkati momwemo osaoneka, ndipo nyengo ikakhala yofunda imatuluka ili nankafumbwe wamkulu pakatha pafupifupi milungu isanu. Wamkazi mmodzi amatha kuikira mazira mazana angapo pa moyo wake.

Si mazira onse amene amakula. Tiyerekeze chabe kuti m'badwo uliwonse ukuchulukitsa kakhumi, ndipo thumba linayamba ndi anankafumbwe 20. M'badwo wotsatira ndi 200, kenako 2,000, kenako 20,000, kenako 200,000. Anankafumbwe 200 m'thumba la makilogalamu 50 simungawaone pokhapokha mutachita kufunafuna. 2,000 ndi aja "towerengeka" munaona pamwamba. Pakati pa 2,000 ndi 200,000 pali mibadwo iwiri yokha, milungu khumi. Kuwonjezera apo, kuzizira kwa kumapiri kwanuko mu Juni ndi Julayi kumachedwetsa kuswana, ndipo kutentha kwa Sepitembala ndi Okutobala kumakufulumizitsa. N'chifukwa chake chiwonongeko chonse chimaoneka ngati chagwa mwezi umodzi.

Masamu omwewa akutiuza nthawi yoyenera kumenya nkhondoyi. Mukadikira mpaka afike 20,000 n'kupha 9 mwa 10 alionse, atsala 2,000. Mwangowabweza m'mbuyo ndi m'badwo umodzi, ndipo chimanga chomwe anadya sichibwerera. Khama lomwelo mukalichita tsiku lothira m'matumba, 20 aja amatsala awiri, njere zonse zikadali zathunthu.

Chitani izi chaka chino. Kololani chimanga chikangouma, chisagonere kumunda. Tonolani, mupete, muchotse njere zoboola ndi zowola. Yanikani pa lona kapena pamphasa, osati pa dothi, mpaka chinyezi chitsike kufika 13 peresenti. Poyesa kuuma, tengani botolo lagalasi louma bwino, muthiremo chimanga gawo limodzi mwa magawo atatu, muwonjezere masupuni awiri kapena atatu a mchere wouma, mutseke, mukhutchumule kwa mphindi imodzi, n'kulisiya mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume, chibwezereni padzuwa. Sesani mosungira, mutenthe zinyalala za chaka chatha, ndipo musasanjike chimanga chatsopano pamodzi ndi chakale. Matumba akale muwaviike m'madzi owira n'kuwaumitsa musanathiremo kanthu.

Ngati mukugwiritsa mankhwala a ufa osungira chimanga, tsatani muyezo wolembedwa pa botolo, ndipo musakanize bwino pa lona ndi fosholo musanathire m'thumba. Kuwaza pamwamba pokha kumasiya pakati pa thumba pali poswanirana. Ngati mukugwiritsa matumba osalowa mpweya, aja okhala ndi mapulasitiki mkati, yambani mwawayang'ana ngati alibe kabowo, finyani mpweya wonse, mumange pulasitiki iliyonse payokha. Tizilombo timamaliza mpweya wotsalawo n'kufa, koma zimenezi zimatheka thumba likakhala lotseka kwa milungu ingapo, choncho chimanga chodya mwezi uno chiikeni m'thumba lina. Matumba onse akhale pa thandala, asagunde khoma, ndipo atetezedwe ku makoswe, poti kabowo kamodzi kamalowetsa mpweya wokwanira kuti kuswana kuyambirenso. Kwa matumba wamba, mwezi uliwonse tapani chitini chimodzi kuchokera pakati pa thumba, musefe pa nsalu yoyera, muwerenge anankafumbwe amene agwa, mulembe. Mwezi uno akakhala atatu, mwezi wamawa khumi ndi awiri, khuthulani thumbalo sabata yomweyo, muyanike, mupete, muthirenso mankhwala.